Mkaka Umene Ndinamana Thole la Mnzanga

Amayi anzanga, abambo, nonse amene mwachokera mbali za Nathenje ndi kwathu ku Mitundu, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Apampando andipempha kuti ndiyankhule kwa inu amene mukulandira ng'ombe chaka chino. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ndikaima pagulu mawu amandithawa, ndiye ndachita kulemba papepala kuti ndisadumphe pamene pali pochititsa manyazi. Chimene ndabwerera kuno ndi pomwepo.

Ine ndi amake Tadala. Ng'ombe yanga ndinailandira mwa njira yomweyi yopatsirana. Gulu limakupatsa ng'ombe ya bere. Ikabereka thole lalikazi loyamba, thole limenelo si lako. Umalilera mpaka likule, kenako n'kulipereka kwa mnzako amene ali pamzere. Likafa chifukwa cha kusasamala kwako, gulu limabwera kudzatenga ng'ombe yako. Zonsezi anatiwerengera, ndinazimva, ndinasaina ndi dzanja langa. Tsiku limene ng'ombe inafika pakhomo ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Tinaitcha Dona, chifukwa siyenda kudambo ngati ng'ombe zachikuda, imangokhala pamthunzi, udzu ndi madzi kuipeza pomwepo.

Dona anabereka mvula itangoyamba, thole lalikazi, lakuda ndi mawanga oyera. Amene anali pamzere pambuyo panga anali a Nachisale, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo lathu, amene timapemphera nawo pa mapemphero a amayi Lachinayi. Mayi ameneyu khola anali atamanga zaka ziwiri m'mbuyomo, nsenjere atabzala munda wonse wa kuseri kwa nyumba, koma kholalo linali la nkhuku zokha, zikuikira mazira modyera ng'ombe. Atamva kuti Dona wabereka anabwera akuthamanga, analiona thole, anaimba nthungululu, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ine ndi asewere awo, poti mwana wanga, thole lija, adzakwatiwa kwawo. Ndiye kulikonse tikakumana, kumsika kapena pamjigo, ankangoti, "Asewere, mwana wathu wadzuka bwanji?"

Za mtengo wa mkaka sindikufuna kukuuzani zambiri, mukazionera nokha. Timanyamula chigubu m'mawa kukapereka kuthanki ya gulu yoziziritsira mkaka, galimoto ya kampani n'kudzautenga kupita nawo m'tauni. Mtengo sitikambirana nawo, timangouzidwa. Tsiku lina ndili pa Mitundu ndinamva ludzu, ndinalowa m'golosale kufunsa botolo la madzi. Ndinapeza kuti lita ya mkaka wa Dona siyingagule botolo limenelo. Ndinatuluka ndi ludzu langa. Pamene mtengo wa mkaka waima malo amodzi, madeya akukwera, mchere ukukwera, mankhwala opopera nkhupakupa akukwera. Itafika miyezi ya njala, madeya anasoweratu kuchigayo, poti aliyense ankagayitsa mgaiwa. Magetsi akazima kuthanki mkaka n'kusasa, woluza unali iwe mlimi. Malipiro amabwera pamwezi, nthawi zina mwezi n'kupitirira.

Pakhomo ndinali ndekha. Abambo a Tadala anali atapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo ndikawadandaulira pa foni ankandiyankha kuti ng'ombeyo ndinaifuna ndine. Mwana wamkulu ali pabanja ku Dedza. Tadala, chitsirizira wanga, anali kusekondale yogonera komweko. Ndipo ng'ombe ya mkaka, abale anga, imakumanga pachingwe. Kumaliro ndinkachokako thupi lisanatsike m'manda kuti ndikakame. Ku zinkhoswe ndinasiya kupita. Anthu anayamba kunena kuti kuyambira pamene ndinalandira ng'ombe yachizungu ndikudzimva. Ena ankabwera kudzapempha ya sopo, poganiza kuti mwini ng'ombe ya mkaka sasowa. Ndiye ukadandaula kwa yani, pamene mudzi wonse ukukuyesa wolemera?

Alangizi a ziweto anatiphunzitsa kuti thole lizimwa malita awiri m'mawa, awiri madzulo, m'ndowa. Masabata oyamba ndinkachita zomwezo. Kenako ndinayamba kumaiyang'ana ndowa ija nthawi yaitali. Mumtima munkabwera mawu akuti, malita anayi tsiku lililonse ukutayira ng'ombe ya mwini, pamene mwana wako kusukulu alibe ngakhale sopo. Ndinachotsa theka la lita, n'kuthiramo madzi ofunda. Sizinaoneke. Ndinachotsa lita yathunthu. Kenako ndinayamba kuliphikira kaphala kamadzimadzi ka madeya, chonsecho mimba yake inali isanakhwime. Pofika miyezi iwiri, chimene thole lija linkalandira anali madzi otsukira ndowa yokamira, oyera pang'ono ngati mkaka. Mkaka wonse unkalowa m'chigubu. Kuthanki mlembi ankandiyamikira kuti Dona akuchita bwino nthawi imene ng'ombe za ena zatsitsa mkaka, ine n'kumamwetulira.

Thole linayamba kusintha. Ubweya unaima, mimba inafufuma, nthiti zinayamba kuwerengeka, kumbuyo kwake kunali kodetsedwa ndi kutsekula m'mimba. Poyamba linkalira tsiku lonse, Dona n'kumaliyankha. Kenako linasiya kulira. Ndinatenga masaka akale n'kutchinga kakhola kake mbali zonse, wondifunsa ndinkamuuza kuti ndikutchinga mphepo. A Nachisale ndinawanamiza kuti alangizi aletsa alendo kuyandikira khola chifukwa kwabwera matenda a ng'ombe. Anandikhulupirira. Ku mapemphero a Lachinayi ndinasiya kupita, chifukwa iwo ankakhala benchi imodzi ndi ine, ndipo ankatchula thole lija m'pemphero mokweza. Popita kuthanki ndinasintha njira, ndinkazungulira kumanda kuti ndisadutse pafupi ndi kwawo.

Kupemphera sindinasiye ayi. Ndinkapempherera Tadala, abambo ake, mvula, odwala a m'mudzi. Ndikangoti ndafika pa nkhani ya khola, ndinkanena Ameni msanga n'kudzuka. Chakudya ndinkadya ndili chiimire. Panapita masabata osayankhula ndi munthu kupatula moni wa kuthanki.

Tsopano ndinene chimene chimandivuta kunena. Ndinafika poganiza kuti thole lija likafa ndipuma. Ndinali nditakonza kale mawu okauza komiti, akuti lafa ndi matenda a m'mimba, ndipo ndinkawayeserera ndikukama. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira paming'alu ya masaka, osati kuti ndione ngati lili bwino, koma kuti ndione ngati zatha. Mayi wobatizidwa, wovala yunifomu ya kutchalitchi, ndinafika pamenepo.

Linali tsiku Loweruka, nthawi ya mondokwa. Ndinali nditakama, chigubu nditamanga kale panjinga. Ndinangomva kuseri kwa nyumba, "Odi, asewere! Ndabwera ndi kamba wa mwana wathu." A Nachisale anadzera njira ya m'chimanga, n'chifukwa chake sindinawaone patali. Anali atasenza mtolo waukulu wa nsenjere, atanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Anati udzu wawo wakula mpaka kupitirira denga, ukungokhwima pachabe, ndiye aganiza kuti mwini wake ayambe kuulawa. Ndinawathamangira kuti ndiwalandire mtolowo, koma anati ndisadetse zovala poti ndili paulendo. Anati salowa, akudziwa kuti alangizi aletsa, angouponya pamwamba pa mpanda.

Poponyapo, phesi la nsenjere linakola saka limodzi, saka n'kugwa.

Thole linali litagona pakona. Litamva phokoso linayesa kudzuka, linakweza miyendo yakumbuyo, yakutsogolo inakana, linagwanso chammbali. A Nachisale anaima n'kuliyang'anitsitsa. Kenako anatsegula kachitseko, analowa, anagwada m'ndowe momwemo ndi chitenje chawo. Mayi ameneyu anakulira kufupi ndi Dzalanyama, bambo awo anali ndi ng'ombe zangolo, ndiye ng'ombe amazidziwa. Analitsina chikopa cha pakhosi, analitsegula diso, kenako analowetsa zala ziwiri m'kamwa mwake. Thole lija linayamwa zalazo ndi mphamvu zonse zimene linatsala nazo, mpaka phokoso lake ndinkalimva ndili panja.

"Amake Tadala," anatero osandiyang'ana, "lodwala siliyamwa chonchi. Ili ndi njala."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za matenda a m'mimba aja. Mawu amene ndinawayeserera masabata onse aja anakana kutuluka. Iwo anatembenuka, anayang'ana chigubu chili panjinga, n'kundiyang'ana ine.

"Gawo lake ndakhala ndikugulitsa," ndinatero.

"Kuyambira liti?"

"Isanafike Khirisimasi."

Sanakuwe, sananditukwane. Anadzuka, anapita panjinga, anamasula chigubu changa okha ngati chawo. Anandiuza kuti ndibweretse ndowa. Anathiramo mkaka wochepa kwambiri, akuti mimba yakhala nthawi yaitali yopanda kanthu, tikalipatsa wambiri tilipha. Anakhala pansi, anaika mutu wa thole pamiyendo pawo, n'kumalimwetsa ndi zala pang'onopang'ono. Ine ndinangoima ndi manja lende.

Akulimwetsa choncho anayamba kundiuza zinthu zimene sindinkazidziwa. Anati khola lawo lopanda ng'ombe lija amalisesa m'mawa uliwonse. Anati azilamu awo abwera kawiri kudzafuna malata a pakholapo, akuti akungoonongeka, iwo n'kuwakaniza kuti ng'ombe yabadwa kale, ili kwa amake Tadala. Anati mwana wawo wamkazi anamuuza kuti apirire, ng'ombe ikabwera adzabwerera kusukulu. Ankanena zimenezi ndi mawu otsika, ngati akuuza thole lija osati ine.

Atamaliza anapukuta manja pachitenje. "Mukanandiuza kuti zavuta, udzu uwu ukanayamba kubwera kalekale. Mwandiyesa mlendo. Kukomiti ine sindikakunenezani, koma akandifunsa sindikawanamiza. Akumana Lachiwiri. Mukanene nokha."

Anatuluka, anadzera njira yomwe ija ya m'chimanga. Ine ndinakhala pansi m'kholamo, pamalo pamene anakhala iwo. Mkaka wa tsiku limenelo sunapite kuthanki. Ndinalira mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo pemphero limene ndinapemphera linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinangoti, Ambuye, ndaba, ndanama, ndinafuna chamoyo ichi chife, musandisiye pano.

Masana omwewo ndinakwera njinga kukafuna alangizi. Ndinawauza zoona zokhazokha. Anandikalipira kokwanira, ananena kuti akanakhala ndi mphamvu akanandimwetsa madzi otsukira ndowa sabata yathunthu kuti ndione kukoma kwake. Koma anabwera. Anati ndizilipatsa mkaka wofunda pang'onopang'ono kanayi patsiku, pakatipakati madzi a mchere ndi shuga chifukwa cha kutsekula kuja, ndiponso mankhwala a njoka za m'mimba likayamba kuima. Ndinagulitsa nkhuku zitatu kuti mankhwalawo apezeke. Masaka onse ndinawachotsa tsiku lomwelo.

Lachiwiri ndinakaima pamaso pa komiti, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa thanki. Ndinanena zonse monga ndakuuzirani inu. Abambo ena anati malamulo ndi malamulo, Dona atengedwe tsiku lomwelo kuti ena atengerepo phunziro. Sindikanawatsutsa. Apampando anafunsa a Nachisale, poti olakwiridwa ndi iwo. Anaimirira n'kunena kuti iwo sanabwere kudzandipepesera, koma thole likufuna mkaka wa make, ndipo Dona akamusuntha pano mkaka uchepa. Anapempha chinthu chimodzi, choti azikhalapo okha m'mawa uliwonse pamene thole likumwa. Komiti inavomera. Anandipatsa miyezi itatu, thole likafa Dona apita.

Tikubalalika, mayi wina amene sindimutchula anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti iyenso anachitapo zomwezo, kungoti lake linali lamphongo ndipo palibe anafunsa. Ndinadabwa. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti woipa chonchi ndine ndekha m'gulu lonse.

Musaganize kuti zinakoma pomwepo. A Nachisale ankawoloka dambo m'mamawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, n'kudzaima pakhola atapinda manja, kuyang'ana ine ndikuyeza mkaka. Sabata zoyamba ankangoti mwadzuka bwanji, basi. Dzina lija la asewere sanandiitanenso nalo, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mawu onse a kukomiti. Mkaka wopita kuthanki unachepa. Temu yotsatira Tadala anakhala pakhomo masabata angapo ndisanapeze zomutumizira, ndipo ndinamukhazika pansi n'kumuuza chifukwa chake. Kuuza mwana wako kuti amake anaba si chinthu chapafupi. Atamva anangoti, "Ndiye sopo uja munkanditumizira anali wa thole?" Ndinati inde.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kuchokera Loweruka lija thole linaima lokha. Patapita mwezi linayamba kubudula nsonga za nsenjere. M'mawa wina linadumpha n'kugwetsa ndowa, mkaka wonse pansi, a Nachisale n'kuseka mosafuna. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumakhala pang'ono kumwa tiyi asanabwerere.

Zimene ndinasintha ndi zazing'ono, koma ndi zimene zandisunga. Chigubu sichituluka m'nyumba thole lisanamwe. Ndimayamba ndayeza gawo lake, lamwa, ndatsuka ndowa, ndiye n'kuona chimene chatsala. Ukayamba kuthira m'chigubu, dzanja limavuta kubweza. A Nachisale ankabwera ndi udzu, pobwerera n'kusenza manyowa a kudimba kwawo, palibe kupatsana ndalama. Nanenso ndinatsegula kadimba ndi manyowa a Dona, mpiru ndi tomato ndimakagulitsa pa Mitundu tsiku la msika, kuti moyo wanga usatsamire pa mkaka wokha. Tikakolola, amayi anayi timasonkherana kugula madeya adakali otchipa, timawayanika bwinobwino n'kusunga m'matumba. Mapesi ndi zotsalira za mtedza sindiotchanso, ndimaunjika pathandala kudikira chilimwe. Tikamva kuti kuthanki magetsi azima, mkaka wamadzulo ndimapanga chambiko, pakhomo ndiwo zapezeka. Ndipo ku mapemphero a Lachinayi ndinabwerera. Tsiku loyamba ndinakhala kumbuyo, a Nachisale anatembenuka n'kusuntha pabenchi paja kundisiyira malo.

Mtengo wa mkaka sunasinthe chifukwa choti ine ndalapa. Ukadali wopweteka. Kumisonkhano ya gulu masiku ano ndimaimika dzanja n'kunena kuti mtengo uwu ukutisandutsa akuba m'makola mwathu momwe, ndipo ndimapempha atsogoleri kuti akapita kukakumana ndi ogula akanene zomwezo. Zimenezo tisasiye kunena. Koma thole silinaike mtengo ndi ilo, ndipo mnzako amene ali pamzere sanauike ndi iye.

Thole lija linakhala moyo, Mulungu alemekezeke, ndipo Dona akadali pakhomo panga. Koma njala ija inalipinimbiritsa. Anzake obadwa nalo nyengo imodzi ataperekedwa, ilo alangizi anati likadali laling'ono, silingatenge bere. A Nachisale anadikiranso pafupifupi chaka china. Mwana wawo uja sanabwererenso kusukulu, anakwatiwa ng'ombe isanafike. Chaka chimenecho ndinawabera ndine, ndipo ndilibe pokachitenga kuti ndiwabwezere. Anandikhululukira, anandiuza ndi pakamwa pawo, koma ndikamuona mtsikana uja atabereka mwana kumbuyo ndimadziwa mbali yanga.

Tsiku lopereka ndinaikoka ndekha ng'ombeyo kuwoloka dambo mpaka kukailowetsa m'khola lawo. Inatenga bere, ndipo miyezi iwiri yapitayi yabereka. Thole lalikazi. Ndiye kuti nawonso tsopano akulera la mwini, pali bambo wina wa ku Nathenje amene akulidikira.

Sabata yatha a Nachisale analandira malipiro awo oyamba a mkaka. Madzulo ake anafika pakhomo panga, anakhala pakhonde, envulopu ili m'manja. Ndinawapatsa madzi akumwa, sanamwe. Anakhala nthawi ndithu akuyang'ana kukhola.

"Amake Tadala, lero m'mawa ndaiyang'ana ndowa ija nthawi yaitali," anatero. "Mawa mukakama kwanu mubwere mudzaime pakhola langa. Ndikudziopa."

Ndiye masiku ano wowoloka dambo ndine. Ndimakafika, ndimaima, iwo amayeza malita awiri, thole limamwa, timapemphera mwachidule, aliyense n'kunyamula chigubu chake.

Inu amene mukulandira ng'ombe, tsiku limenelo lidzakufikirani, mwina mvula ikubwerayi isanathe. Musadzadikire kuti saka ligwe lokha. Musanachoke pano lero, yang'anani munthu mmodzi amene mungamuuze kuti zavuta, mumufunse ngati angadzabwere kudzaima pakhola panu. Amene mulibe womuuza, ine ndikhala panja apo tikamaliza, pafupi ndi njinga. Ambuye amene sanandisiye m'khola muja akusungeni inu ndi ziweto zanu. Ameni.